Diso Limodzi, Nkhunda Makumi Anayi

Lolemba, 4 Novembala

Andigoneka. Wodi ya amuna, nsanjika yachisanu, bedi lachiwiri kuchokera pazenera. Kope ili andipatsa ndi a dokotala Basima kuti ndizilembamo tsiku limene chilonda chatuluka, tsiku limene chapola, ndi mmene diso likuonera. Ndawauza kuti ine ntchito yanga ndi yosita zovala, sindine mlembi. Akuti, "Ndiye mawuwo muziwasita aziwongoka, bambo Shehata."

Zimene zilipo lero: zilonda zitatu m'kamwa, chimodzi kumalo obisika. Bondo lakumanja latupa. Diso lakumanzere linazima chaka chatha, limangosiyanitsa usana ndi mdima. Lakumanja layamba chifunga Lachinayi lapitali, ndipo ndi limene landibweretsa kuno.

Zaka zisanu ndi chimodzi, madokotala asanu ndi awiri, aliyense ndi dzina lakelake la matenda anga. Woyamba anati chindoko, ndipo ananena pamaso pa mkazi wanga Wafiya. Magazi anadzatuluka opanda kanthu patapita milungu iwiri, koma Wafiya anali atapita kale kwawo ku Damanhur, ndi kabati yomwe.

Nkhunda zanga makumi anayi zatsala m'khola padenga la nyumba yanga ku Karmuz. Mlongo wanga wamkulu Etidal ndiye azikazipatsa chakudya. Ndamuuza katatu: madzi m'mawa, mapira madzulo, chitseko cha khola asatsegule.

Lachiwiri, 5 Novembala

Magazi timabotolo tisanu ndi kamodzi. Kujambula pachifuwa. Sista Nagwa andibaya mkono wakumanzere kuyeza TB. Mkono wakumanja a dokotala andibaya katatu ndi singano yopanda mankhwala, n'kuzunguliza ndi cholembera pamene abayapo. Akuti tidikire masiku awiri tione ngati khungu lipse mtima. Ndati likapanda kupsa mtima ndiye kuti si langa.

Bedi la pazenera ndi la amalume Girgis, mkulu amene anayendetsa sitima ya mumsewu zaka makumi atatu. Impso zikuwavuta koma pakamwa pali bwinobwino.

"Wosita zovala iweyo? Nanga malaya ako akuoneka ngati atuluka m'kamwa mwa ng'ombe bwanji?"

"Wometa sadzimeta, amalume."

"Wokudwazika ali kuti?"

"Akubwera." Ndanama.

Akazi awo, amake Mina, anabwera ndi denje ndi mpunga n'kundigawira. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinalandira. Zilonda sizinandilole kumeza, ndangonyambita supuni.

Lachitatu, 6 Novembala

Kwa a maso. Pa bolodi lija pali mizere khumi, ine ndawerenga itatu.

Swala ya Asiri, pemphero lathu lija la dzuwa litapendeka, ikatha ndiyo nthawi youlutsa nkhunda. Ndapempha amalume kuti ndiime pazenera lawo. Akuti kuchokera pano Karmuz yense akuoneka, mpaka zovala zoyanika. Ine ndaona utsi ndi timadontho. Koma gulu la nkhunda la Metwali ndalizindikira ngakhale m'chifungamo, chifukwa limazungulira mokhotakhota ngati mwini wake.

Khola la Metwali lili madenga asanu ndi anayi kuchokera pa langa, ndipo ine ndi iye tili pa nkhondo. Nkhunda yake ikasochera m'gulu langa n'kutera kwanga, ndi yanga. Yanga ikatera kwake, ndi yake. Lamulo ndi lomwelo, palibe kulira. Koma zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo anagwira yaimuna yanga yakuda, n'kuiika m'kakhola kake kokha koyang'ana kwanga kuti ndiziiona tsiku ndi tsiku. Chiyambire sitinapatsanepo moni, ngakhale pa Idi.

Amalume anafunsa, "Nanga zikapita kutali choncho umazitsitsa bwanji?"

"Pali yaikazi imodzi yoyera, dzina lake Sukara. Iyo siuluka nawo. Ndimaigwira miyendo n'kuikweza m'mwamba, ikakupiza mapiko zinzake zonse zimatsika."

"Ha! Ndiye mkazi uli naye, ukudandaula chiyani?"

Ndaseka mpaka chilonda cha pamlomo chatuluka magazi.

Lachinayi, 7 Novembala

Pa malo atatu amene anabaya aja, awiri atuluka timatuza. A dokotala anaitana anzawo awiri, onse kuweramira mkono wanga ngati pali golide. Dzina lachisanu ndi chitatu lapezeka: matenda a Behçet. Andilembera okha m'kopemu chifukwa ine ndikanaliwononga.

Akuti palibe kuyeza magazi kumene kumanena kuti ndi amenewa basi. Amangophatikiza zizindikiro: m'kamwa, kumusi, diso, khungu. Asilikali a m'thupi mwanga asokonezeka, akuwombera kwawo komwe, makamaka mitsempha ya m'diso.

"Sapatsirana?" ndinafunsa.

"Ayi, ngakhale pang'ono."

"Ndiye mundilembere pa pepala la chidindo, ndikalimate pa malo omwera tiyi kwathu kuja. Zaka zisanu akhala akundiikira tambula yangayanga."

Pa TB paja patupa pang'ono, akuti pakatikati, osati eya osati ayi. Pachifuwa palibe kanthu. Ayamba dilipi yozimitsa kutupa, galamu imodzi pa tsiku, masiku atatu. M'kamwa mukumveka ngati ndayamwa kiyi.

Lachisanu, 8 Novembala

Dilipi yachiwiri. Shuga wakwera, andibaya chala kanayi.

Anthu atatuluka ku mzikiti wodi inadzaza. Bedi lililonse anthu asanu, khumi, miphika, ana pansi pa mabedi, kupsompsonana masaya. Kwa amalume Girgis kunabwera ngakhale wansembe. Mpando wa pabedi langa anadzabwereka kawiri. Kachitatu sanapemphenso, anangotenga.

Etidal waimba foni. Apongozi ake adwala, ndiye iye abwera kudzandiona Lolemba. Nkhunda akuti zili bwino, zimangodya ngati asilikali a boma.

Ndasungulumwa lero. Ndilembe momwemo.

Loweruka, 9 Novembala

Dilipi yachitatu. Mizere isanu ndi umodzi! Ndaona kuti Sista Nagwa ali ndi kadontho pachibwano. Ndinayamba kupinda zovala zanga kuti ndizipita.

A dokotala anakhala pamphepete pa bedi, ndipo dokotala akakhala pansi dziwa kuti zabwino zatha.

Akuti dilipi ija ndi ndowa ya madzi pa moto wa nyumba. Singapitirire, ingandidye mafupa, ndipo ikangoleka motowo uyambanso. Chofunika ndi mankhwala ogonetsa asilikali aja kwa zaka: mapiritsi a azathioprine tsiku ndi tsiku, ndi dilipi ina, infliximab, koyamba, kenako pakatha milungu iwiri, pakatha isanu ndi umodzi, ndiye miyezi iwiri iliyonse. Koma asilikali akagona wakuba aliyense amalowa. TB ngati inabisala ikhoza kudzuka, choncho ndizimwanso mapiritsi oitchinga miyezi isanu ndi inayi.

"Muli otsimikiza kuti ndi matenda amenewa? Anzanu asanu ndi awiri aja analinso otsimikiza."

"Mwa khumi ndikupatsani zisanu ndi zitatu."

"Nanga ziwirizo?"

"Ziwirizo ndi zimene zimandisowetsa mtendere. Ngati m'disomo mwabisala kachilombo kamene sitinakaone, mankhwalawa akapatsa mphamvu. Koma tikangokhala, disoli silifika zaka ziwiri. Pa chimenecho ndiye ndili otsimikiza."

Kenako anayamba mafunso a pa fomu. Fodya? Ayi. Chiwindi munadwalapo? Ayi. Ziweto kunyumba, mphaka, mbalame?

"Nkhunda."

"Zingati?"

"Makumi anayi."

Anaika cholembera pansi. Akuti zitosi za nkhunda zikauma zimatulutsa fumbi limene munthu wabwinobwino amapuma osamva kanthu, koma ine ndikayamba mankhwalawa lingandilowe m'mapapo, ngakhale m'mutu. Anatayapo wodwala chifukwa cha zomwezo. Ndinati ndizivala chotseka mphuno. Anati nkhunda makumi anayi, kusesa khola tsiku ndi tsiku, ayi. Padengapo ndisadzakwerenso, ndipo kholalo lichoke.

"Ndiye mukundisungira diso kuti ndizionera chiyani?"

Anaimirira. Anasiya fomu yoti ndisaine, akuti ndiganize koma ndisadutse sabata. Ili pansi pa pilo.

Lamulungu, 10 Novembala

Mapiritsi asanu ndi atatu m'malo mwa dilipi. Mizere isanu ndi umodzi.

Ndakangana ndi amalume.

"Saina, mwana wanga. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Inu mukudziwa chiyani za nkhunda?"

"Ndikudziwa kuti zimakoma ndi mpunga. Ukachita khungu uziulutsa bwanji?"

"Ndi makutu. Mapiko a iliyonse ndimawadziwa kulira kwake."

"Nanga simbi yamoto ija, nayonso usita ndi makutu?"

Ndinawatembenukira msana mpaka nthawi ya tiyi. Iwo akachedwa kufika kunyumba anthu khumi amatuluka kukawafuna. Ine ndikachedwa zimadziwa ndi nkhunda zokha. Chaka chija chimene anthu anasamutsa zovala zawo kupita nazo kwa wosita wina, ndi moni yemwe anasiya kundigwira chanza, Sukara ankadya mapira pamlomo panga pomwe pali zilondapa.

Lolemba, 11 Novembala

Etidal wabwera, thukuta kamukamu, ndi mphika wokulunga m'thawulo.

"Dzuka iwe, taona mmene wawondera! Imwa msuzi uwu. Amayi ankati wodwala amadzuka ndi msuzi wa nkhunda, osati madzi a m'botolo awa."

Anandimwetsa yekha ndi supuni ngati mwana. Msuziwo sunalume zilonda. Chakudya choyamba kulowa bwino chibwerere kuno. Ndinamwa kapu yonse, ndinadyanso ndi kachidali komwe, kofewa, kodzaza tirigu. Amalume anali kumeza mate.

"Manja ako adalitsike, mlongo wanga. Zanona bwanji! Wagula kwa ndani?"

"Kugula? Ndikagule nkhunda kumsika pamene iwe uli nazo makumi anayi zongotha mapira?"

Supuni inaima m'malere.

"Watenga ziti?"

"Iii, zinandivuta, usanene. Nditangotsegula chitseko m'mawa uno zonse zinangoti phuu, kutuluka. Inatsala imodzi yoyera, yaulemu bwino, inachita kubwera yokha m'manja mwanga. Ndi ina yaimuna imene inkangoizungulira osafuna kuisiya. Ndinati Mulungu wandisankhira."

Zimene ndinamunena sindilemba. Ndinakuwa wodi yonse n'kumva. Sista Nagwa anabwera akuthamanga poganiza kuti munthu wamwalira. Etidal anaima atagwira chivundikiro cha mphika, misozi ili chuchuchu.

"Ndimafuna udye, Shehata! Ndadzuka mbandakucha, ndakwera mabasi awiri. Nkhunda si nkhunda basi?"

"Zinazo zabwerera?"

"Sindikudziwa. Chitseko ndasiya chotsegula."

Wapita osatsanzika. Mphikawo amake Mina anauchotsa mwakachetechete.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mizere inayi. Timadontho takuda tabwerera.

Ndadya Sukara ndipo anandikomera.

Pazenera sindinapiteko.

Lachitatu, 13 Novembala

Mizere inayi. Chilonda chatsopano pansi pa lilime. A dokotala afunsa za fomu, ndati mawa.

Nthawi ya alendo munthu anaima kumiyendo kwa bedi langa ndi jumbo la magwafa. Nkhope sindinaione bwino. Ndinamudziwa ndi chifuwa chake cha fodya, chimene ndakhala ndikuchimva madzulo aliwonse kudutsa madenga asanu ndi anayi.

"Mtendere ukhale nawe, Shehata."

"Nawenso, Metwali. Wabwera kudzaona ngati ndafa?"

"Ukanafa ndikanabwera ndi magwafa? Ndikanabwera ndi ng'oma."

Anakoka mpando, mpando wanga uja, n'kukhala. Akuti Lolemba gulu langa linazungulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, likutsika n'kukweranso, kudikira woliitana. Zitatopa zinatera kwake, zonse. Anawerenga kawiri: makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Za Sukara anamva kwa mkazi wa pansi pa nyumba yanga amene anaona nthenga zoyera m'chidebe.

"Mwa lamulo ndi zanga," anatero.

"Ndikudziwa lamulo."

"Koma ine sindigwira nkhunda za munthu wogona. Anthu angandiseke. Ndazitsekera pazokha, sindinadule nthenga ngakhale imodzi. Ukatuluka udzatenge, tipitirize. Ndipo uchire msanga, anthu ena onsewa amaulutsa ngati akuthamangitsa ntchentche."

Asa! Dzulo ndimaganiza kuti nkhani yatha yokha, zapita, palibenso chosankha. Galu ameneyu wandibwezera nazo m'manja.

Atapita ndinaima pazenera nthawi ya Asiri. Timadontho tinali tambiri, ndipo sindinathe kusiyanitsa ta kumwamba ndi ta m'diso mwanga. Ndinafunsa amalume kuti gulu lija lili mbali iti. Anati palibe gulu lililonse, kumwamba kuli mbee.

Ndinaima pomwepo nthawi yaitali. Munthu wosaona sasunga nkhunda, amangozitsekera. Kabawi angatenge imodzi lero, ina mawa, ine n'kumaimba likhweru osadziwa kuti wasowa ndani. Ndikasaina zipita, ndikapanda kusaina zipitabe. Kusiyana kwake n'kwakuti njira imodziyo ndiziziona zikupita.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndasaina. Koma nkhawa yanga si ya nkhunda zokha. Ziwiri mwa khumi zija ndikuziopa.

"Mukakhala kuti mwalakwa, adokotala?"

"Tidzaona msanga, chifukwa ndizikuyang'anani m'diso mlungu uliwonse. Mukangomva kutentha thupi kapena kutsokomola, mubwere tsiku lomwelo, osadikira."

Ndaimbira Metwali. Nambala anasiya pa jumbo la magwafa.

"Nkhunda zija tenga, ndi zako. Uzimange mapiko masiku makumi anayi, zizolowere kwako. Khola langa ukagwetse, matabwa utenge. Yabuluu ya mwendo wopindika usailekanitse ndi yamawanga, zinakwatirana kalekale. Nyemba usazipatse zambiri, iwe umanenepetsa nkhunda ngati abakha."

Kenako iye anafunsa:

"Ndiye nkhondo yatha?"

"Yatha. Wapambana, galu iwe."

"Kupambana kwanji kumeneku," anatero, n'kuyamba kutsokomola, n'kudula foni.

Loweruka, 16 Novembala

Infliximab yoyamba, maola awiri ndi theka. Sista Nagwa amayeza kuthamanga kwa magazi mphindi khumi ndi zisanu zilizonse. Mutu kuwawa pang'ono, basi. Mapiritsi a TB ndinayamba Lachinayi, ndimamwa m'mawa ndisanadye. Azathioprine awiri ndikatha kudya.

Malamulo: osapsompsonana ndi anthu masaya, osakhala pafupi ndi wotsokomola, osalowa pa chikhamu, ndiwo zosaphika ayi. Ndawauza a dokotala kuti malamulo amenewa anthu akwathu anayamba kale kundisungira.

Etidal wabwera ndi nsomba yowotcha. Anayamba ndi kunena kuti wagula kumsika, ndipo akhoza kundionetsa wogulitsayo. Ndinamupsompsona pamutu ngakhale aletsa. Mawa akukatsuka nyumba yonse ndi masitepe a padenga, ine ndisanafike.

Lolemba, 18 Novembala

Mizere isanu. Anditulutsa. Amalume Girgis andipatsa malaya awo awiri kuti ndikawasitire, akuti aone ngati ndinedi wosita kapena ndimangonama.

Loweruka, 28 Disembala

Ndabwera kudzalandira dilipi yachitatu. Wodi yomweyi. Amalume anatuluka, ali kwa mwana wawo wamkazi, malaya aja ndinakawapatsa. Pabedi la pazenera pagona munthu wina wosalankhula.

Milungu isanu ndi umodzi: chilonda chimodzi chokha, chaching'ono. Kutentha thupi ayi. Kutsokomola ayi. Magazi a chiwindi ali bwino. Mizere isanu ndi iwiri. A dokotala akuti ziwiri zija zatsala imodzi, koma tisavine kaye.

Kunyumba chitseko cha padenga ndinakhoma ndi loko, kiyi ali ndi Etidal. Asiri ikakwana manja amayamba kufuna mbendera yokupizira nkhunda, ndiye ndimangotenga malaya ena n'kusita, ngakhale ositidwa kale. Kanjira kathu n'kopanikiza, kumwamba kumaoneka ngati lamba.

Masiku makumi anayi anakwana Lachiwiri, koma Metwali anati adikira lero, poti ndikhala pamwamba pano m'wodi pomwe ndingazione. Dilipi itatha ndinapempha Sista Nagwa kuti ndikhaleko mpaka Asiri. Foni inalira.

"Waima pazenera? Ndikutsegula."

Zinakwera pamodzi ndi zake, gulu lalikulu, kuzungulira mokhotakhota muja. Kachiwiri. Kachitatu gululo linang'ambika pakati. Mbali imodzi inapatuka, yothithikana bwino, yokhota nthawi imodzi ngati mmene ndinaziphunzitsira, n'kulunjika pa thanki yamadzi yobiriwira ya padenga langa.

Metwali anali kukuwa m'foni. "Ukuziona? Zikupita kwako, mbuzi zimenezi! Ukuziona?"

Zinatsika mpaka pafupi ndi thanki. Palibe khola, palibe munthu. Zinakwera, zinatsikanso. Dzanja langa linali litakwera lokha m'mwamba, ndi thonje la dilipi lomwe, munthu wa pabedi uja akungondiyang'ana. Ndinalitsitsa.

Zinazungulira denga langa kanayi. Kenako kutali kuja mbendera yofiira ya Metwali inayamba kugwedezeka, ndipo zinatembenuka, imodzi yokha kutsalira m'mbuyo pang'ono, mwina yabuluu ija, n'kupita kukatera kwake.

A dokotala anandipeza ndili pomwepo ndi kopeli. Anafunsa ngati chifunga chilipobe. Ndinati ayi, palibe. Ndaona zonse.